Dzina la pa Chitupa ndi Dzina la Kumudzi: Kuunika Mabuku Awiri a Mbiri ya Matchona

1. Mau oyamba

M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Shurugwi, Zvishavane, Kwekwe, Redcliff ndi Mvuma, muli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndiponso ku Tete. Adzukulu ambiri a m'mabanja amenewa sadapondeko ku dziko la makolo awo, ndipo akafuna kudziwa mudzi umene agogo awo adachokera amayamba ndi zinthu ziwiri zokha, ndizo chitupa chakale, ngati chidasungika, ndi mau owerengeka amene adamva kwa akuluakulu pa maliro kapena pocheza madzulo.

M'pepala lino ndifuna kuunika mabuku awiri a mbiri amene munthu wotere angawatsegule pofuna thandizo. Loyamba ndi Chibaro, lolembedwa ndi Charles van Onselen, limene lidasindikizidwa ku London mu 1976 ndipo limafotokoza za ntchito ya m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 mpaka 1933. Lachiwiri ndi Malawian Migration to Zimbabwe, 1900–1965: Tracing Machona, lolembedwa ndi Zoë Groves, la mu 2020. Sindiwaunika monga katswiri wa mbiri, pakuti ntchito imeneyo ili ndi eni ake, koma monga wophunzira zilankhulo amene funso lake ndi limodzi: kodi mabukuwa angamufikitse pati mdzukulu wofuna mudzi wa agogo ake? Ganizo langa ndi lakuti amamufikitsa pa khomo la nyumba yosungiramo zolembedwa zakale, koma samuphunzitsa kuwerenga maina amene akawapeze m'menemo, ndipo mpata umenewu ndi wathu ife a zilankhulo kuutseka.

2. Buku la van Onselen

Mphamvu ya Chibaro ndi yakuti limaonetsa chifukwa chake mapepala a m'migodi ali monga alili. Migodi ya Southern Rhodesia idali ya phindu lochepa poyerekeza ndi ya ku Johannesburg, kotero eni ake adafunafuna njira zochepetsera ndalama zoonongera pa antchito, ndipo adatero pa malipiro, pa chakudya ndi pa nyumba za m'komboni. Bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau, limene lidakhazikitsidwa mu 1903, linkatola anthu kumpoto kwa Zambezi nkuwagawira ku migodi imene anthu ankaikana, ndipo antchitowo ndiwo adatcha dongosololi chibaro. Van Onselen akuwerengera kuti antchito akuda oposa 30,000 adafera m'migodiyi pakati pa 1900 ndi 1933, ambiri a iwo ndi matenda osati ngozi, makamaka chibayo, matenda obwera ndi kuperewera kwa zakudya, ndi chimfine choopsa cha mu 1918.

Kwa mdzukulu phunziro lake ndi ili: kalaliki wa pa mgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Que Que, kapena wa chrome ku Selukwe, kapena wa asibesitosi ku Shabani, sankalemba kuti banja lidzakumbukire munthu. Ankalemba kuti kampani idziwe masiku amene wagwira, ndi kuti apolisi amupeze akathawa. Bukuli likuonetsanso bwino kuti kuthawa kudali chida chachikulu cha antchito, ndi kuti wothawa ankataya kapena kusintha chitupa nkukalembedwa pa mgodi wina ndi dzina lina. Motero munthu mmodzi akhoza kupezeka m'mabuku ndi maina atatu, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene amai ake adamupatsa.

Malire a bukuli ndi odziwika. Limathera mu 1933, pamene agogo a anthu ambiri a ku Midlands adafika pambuyo pa chaka chimenecho, pa malole a Ulere kapena kudzera kwa Mthandizi, dzina limene Amalawi adapatsa bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission la mu 1946. Ndiponso mlembi akuyang'ana antchito monga gulu lolimbana ndi eni chuma. Sakutsata munthu mmodzi kuchokera kumudzi mpaka kumanda. Ichi si cholakwa, pakuti sichidali cholinga chake, koma wofuna makolo ayenera kudziwiratu kuti apeza m'menemo dziko limene agogo ake adakhalamo, osati agogo akewo.

Dzina la bukuli likutipatsa kale chitsanzo cha vuto lathu. Mchewa amati chibalo. Mu Chichewa l ndi r si malembo osiyanitsa matanthauzo, ndipo lamulo lakale la kalembedwe linkaika r pambuyo pa i ndi e pokha. Kulemba r pambuyo pa a ndi maonekedwe a Chishona, chimene m'kalembedwe kake, kochokera pa lipoti la Clement Doke la mu 1931, mulibe l.

3. Buku la Groves

Groves adabwera patapita zaka 44, ndipo adachita zimene van Onselen sadachite. Adacheza ndi anthu, m'Malawi ndi m'Zimbabwe momwe, ndipo adaika patsogolo moyo wa obwerawo kunja kwa ntchito: mipingo, mabungwe othandizana, maukwati, ndi mbali imene adatengapo pa ndale zomenyera ufulu. Bukuli likutikumbutsa kuti ambiri ankapita okha, osalembedwa ndi bungwe lililonse, ndi kuti akazi nawonso ankapita. Likubwezanso ulemu pa liu limene boma linkaligwiritsa ntchito modandaula. Komiti imene boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, idayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo idadandaula kwambiri za amene sankabwerera. Kumudzi anthu amenewa ankatchedwa otayika, koma kumene adali adamanga mabanja ndi mipingo.

Kwa wofuna makolo nkhani ya mipingo ndiyo yopindulitsa koposa. Mishoni ya Nkhoma idatumiza mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury mu 1912 kukasamalira Akhristu ochokera ku Nyasaland, ndipo ntchitoyo ndiyo idabala sinodi ya CCAP imene lero ili ya Harare. Mkhristu wosamuka ankayenda ndi kalata ya ku mpingo wakwawo, ndipo wolemba mabuku a mpingo nthawi zambiri adali munthu wolankhula Chinyanja, wodziwa kusiyanitsa Nkhoma ndi Nkoma. Chifukwa chake buku la ubatizo ndi mboni yabwino ya dzina kuposa buku la mgodi.

Koma bukuli ndi la Salisbury, mzinda wa ogwira ntchito m'nyumba za azungu, m'mafakitale ndi m'maofesi. Komboni ya pa mgodi idali malo ena: nyumba idali ya kampani, manda adali pa nthaka ya kampani, ndipo mgodi ukatsekedwa anthu ankabalalika pamodzi ndi zokumbukira zawo. Mbiri ya anthu athu ku Midlands, yolembedwa mwa njira ya Groves, ikadali ntchito yodikira mwini wake. Kafukufuku wa Anusa Daimon wa mu 2015, amene amafika mpaka 2008 ndipo amakhudza za gule ndi za unzika, ndi wofunika kumuwerenga pamodzi ndi bukuli.

Pano ponso mutu wa buku ukutiphunzitsa kanthu. Groves adatsata kalembedwe ka m'mapepala a atsamunda, machona. Mchewa amati kutchona, mtchona, matchona, ndi tch wa mpweya. Ndipo liuli likuoneka kuti ndi lapachibale ndi mneni wa Chinguni -tshona, wonena za kumira kapena kulowa kwa dzuwa. Mpweya umene wasowa pa mutu wa bukuwo ndi womwewo umene udasowa m'maina a anthu zikwizikwi.

4. Zimene zidachitikira dzina lisanafike pa pepala

Tiyerekeze chitupa cholembedwa motere: dzina, Jim, atate, Piri, mfumu, Gomani, boma, Ncheu. Munthuyu adayankha mu Chichewa kapena mu Chingoni cha ku Ntcheu, womasulira mwina adali wa Chishona kapena Chindebele, kukambiranako kudachitika mu Chilapalapa, ndipo wolemba adagwiritsa ntchito malembo a Chingerezi. Pa ulendo umenewu dzina lidakumana ndi zinthu zinai.

Choyamba, mpweya sudalembedwe. Kalembedwe kakale, ngakhale m'dikishonale ya D.C. Scott ya mu 1892, sikankasiyanitsa mokhazikika p ndi ph, t ndi th, k ndi kh. Motero Phiri adasanduka Piri, Nkhotakota adali Kota Kota, Thyolo adali Cholo, ndipo Ntcheu adali Ncheu. Ana a munthuyo ataphunzira sukulu mu Chishona, m'mene h wa pambuyo pa p, t ndi k salembedwa, adalandira kalembedweko monga koona.

Chachiwiri, l adasanduka r, ndipo maina adavala chovala cha Chishona. Chitsanzo chodziwika ndi dzina lonyoza lakuti Mabhurandaya, limene ndi Blantyre yemweyo atadutsa pa lilime la Chishona. Ife tidachitanso chimodzimodzi mobwezera, potcha dziko lonselo kuti ku Halale kale dzina la Salisbury lisanasinthidwe mu 1982. Motero banja la ku Dowa likanena kuti agogo adafera ku Halale, sizitanthauza kuti adafera mu mzindawo. Mwina manda awo ali ku Shurugwi.

Chachitatu, maina a malo adasintha mbali zonse ziwiri. Kuyambira 1982 Selukwe adakhala Shurugwi, Shabani adakhala Zvishavane, Que Que adakhala Kwekwe, Gwelo adakhala Gweru, Umvuma adakhala Mvuma, ndipo Belingwe adakhala Mberengwa. Kwathu Fort Johnston adakhala Mangochi, Port Herald adakhala Nsanje, Fort Manning adakhala Mchinji, ndipo ku Zambia Fort Jameson adakhala Chipata. M'mapepala akale kwambiri muli maboma amene adafafanizika, monga Central Angoniland, Marimba, West Nyasa ndi Mombera. Mdzukulu wofufuza pa mapu a lero sangawapeze.

Chachinai, dzina loyambalo nthawi zambiri lidali la ku ntchito. Jim, Tom, Sikisipensi, Foloko ndi ena otere ankatengedwa pa njira kapena kupatsidwa ndi kapitawo. Kusintha dzina sikudali kwa osaphunzira okha. Clements Kadalie, amene adagwirapo ukalaliki pa mgodi wa Shamva asanapite ku Cape Town kumene adayambitsa bungwe la antchito la ICU mu 1919, adabadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay ndi dzina lakuti Lameck Koniwaka Kadali Muwamba. Tikulidziwa dzinali chifukwa adatchuka. Kwa munthu wamba mlatho wotere pakati pa maina awiriwo sudalembedwe paliponse.

Pa chitupa chathu chija, tsono, mau odalirika kwambiri ndi Gomani, pakuti ufumu sumasuntha ndipo boma linkafuna dzina la mfumu chifukwa cha msonkho. Koma dziko la Gomani ndi lalikulu, ndipo munthu wothawa msonkho kapena wodutsa malire a Apwitikizi akadatha kutchula mfumu imene si yake. Ndipo wofuna kutsimikiza ku National Archives of Malawi ku Zomba akumbukire kuti moto wa mu 1919 udatentha maofesi a boma kumeneko pamodzi ndi mapepala ambiri a zaka zoyambirira.

5. Mfunda ndi mbumba

Vuto lozama kuposa kalembedwe lili pa mzere wakuti atate. Chitupa chidapangidwa ndi anthu otsata mzere wa kuchimuna, ndipo chinkagwira ntchito pakati pa Ashona ndi Andebele amene nawonso amatsata kuchimuna. Koma Mchewa, Myao, Mlomwe ndi Mnsenga kwawo ndi kwa amai awo. Mudzi umene ungalandire mdzukulu ndi umene uli ndi mbumba ya agogo ake aamunawo, ndiko kuti alongo awo ndi ana a alongowo, ndipo mwini mbumba, malume, sadalembedwe pa pepala lililonse. Atate a munthuyo mwina adali mkamwini wochokera kutali, amene dzina lake m'mudzimo lidaiwalika.

M'chitsanzo chathu, Piri si dzina la atate konse, koma mfunda kapena chiwongo. Ndipo mfunda pakati pa Achewa uli ndi mbiri yake: kale unkatsata kuchikazi, ndipo m'madera ambiri udayamba kutsata kuchimuna, makamaka Angoni atafika, monga momwe Kings Phiri adafotokozera kusintha kwa banja la Chichewa mu 1983. Ku Zimbabwe mfundawo udasanduka dzina la banja lolembedwa ku sukulu, ndipo anansi adaufananitsa ndi mutupo wawo. Ndamvapo kawirikawiri kuti Phiri ndi Soko kapena Ncube. Kufananitsaku kudathandiza obwera kupeza abale a pa maliro ndi ankhoswe a pa ukwati, koma kumasokoneza wofufuza amene angaganize kuti ubalewo ndi wa magazi. Mfunda wokha sungaloze mudzi, pakuti a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe ali ponseponse kuchokera ku Kasungu mpaka ku Tete. Umathandiza ukaphatikizidwa ndi dzina la mfumu, makamaka ngati banja likukumbukiranso m'mene ankaitanidwira amai a mtchonayo, kaya Naphiri, Nabanda kapena Nambewe. Dzina la ulemu limenelo, limene silipezeka pa chitupa, ndilo limene nkhalamba za kumudzi zingalizindikire.

6. Umboni wa pakamwa ndi malire ake

Popeza pepala lili ndi zofooka zotere, kodi tingodalira mau a pakamwa? Nawonso afunika kuwapeta. Mdzukulu amene chilankhulo chake choyamba ndi Chishona akanena kuti sekuru ndiwo adabwera poyamba, tifunse bwino, pakuti sekuru mu Chishona ndi agogo aamuna komanso malume, ndipo anyamata ambiri ankatsata malume awo ku mgodi. Akanena kuti achimwene, tikumbukire kuti ku Zimbabwe liuli lidasanduka dzina la Mmalawi aliyense, ndipo m'komboni mnzako wochokera boma limodzi adali mbale. Ngakhale dzina la mtundu silimasuka msanga: ana a Ayao, Alomwe, Atumbuka ndi Asena ambiri adatenga Chinyanja cha m'komboni ndipo lero amatchedwa Achewa.

Komabe m'kalankhulidwe ka okalamba muli zizindikiro zimene wa zilankhulo angaziwerenge. Liu la ŵ, limene limamvekabe ku Kasungu ndi kum'mawa kwa Zambia koma lidazilala kummwera kwa Malawi, ndi chimodzi mwa izo. Mau a zakudya, a maliro ndi a chinamwali amasungika nthawi yaitali kuposa mau a ku ntchito. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, amayenda ndi maina a zilombo ndi nyimbo zimene zimasiyana malinga ndi dera lochokera. Ndipo banja la Chisilamu losunga jando limatilozera kwa Ayao kapena ku Nkhotakota. Koma tichenjere ndi pf ndi bv: munthu wonena pfupa ndi bvuto mwina adazitenga kwa agogo ake, mwinanso ndi Chishona chimene chili ndi mamvekedwe omwewo. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Zitatu zikaloza kumodzi, pamodzi ndi mfumu ya pa chitupa ndi mfunda wa amai, pamenepo tingauze banja basi yoti likwere.

7. Chifukwa chake nkhaniyi si ya m'kalasi mokha

Kusadziwa mudzi kudadzetsa mavuto enieni. Lamulo la unzika la Zimbabwe litasinthidwa mu 2001, obadwira m'dzikomo amene makolo awo adali akunja adalamulidwa kukana unzika wa dziko la makolowo motsata malamulo a dzikolo. Ambiri adalibe pepala loonetsa kuti adali nzika za Malawi, Zambia kapena Mozambique, kotero adalephera kukana chimene sakadatha kutsimikiza, ndipo adatsala pakati, ndi ziphaso zowatcha alendo. M'zaka zomwezo, pa misonkhano ya ndale, ankanyozedwa kuti ndi anthu opanda mutupo, chonsecho mfunda ali nawo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 adakonza zambiri: adazindikira monga nzika obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidali nzika ya dziko la SADC, ndipo adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe bungwe la Amnesty International lidalemba mu 2021 kuti anthu ambiri adali akadali opanda mapepala, chifukwa kupeza chiphaso cha kubadwa kumafuna umboni wa makolo.

Nthawi nayo siili kumbali yathu. Fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff idasiya kugwira ntchito mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie udagwa m'mavuto aakulu kuyambira 2004. Komboni ikabalalika, amabalalika ndi anthu amene ankadziwa kuti uje adali mwana wa mlongo wa uje. Amene adafika pa Ulere ndi pa Mthandizi adatha pafupifupi onse, ndipo ana awo oyamba, omaliza kumva dzina la mudzi kuchokera pakamwa pa mwini wake, nawonso ndi okalamba.

8. Mau otsiriza

Van Onselen adationetsa chifukwa chake mapepala sanena zoona zonse, ndipo Groves adationetsa kumene kuli mboni zina. Onse awiri ayenera kuwerengedwa, ndipo zikadakhala bwino atamasuliridwa mu Chichewa ndi mu Chishona, pakuti eni nkhaniyo ambiri sangawapeze. Chotsala ndi ntchito zitatu zimene ndikupempha bungwe lathu kuziganizira. Yoyamba ndi kusonkhanitsa mndandanda wa maina a maboma, mafumu ndi mifunda, woonetsa kalembedwe ka atsamunda, katchulidwe ka Chishona ndi Chindebele, ndi kalembedwe ka Chichewa ka lero. Yachiwiri ndi kujambula mau a okalamba a ku Shurugwi, Zvishavane, Kwekwe, Redcliff ndi Mvuma, powafunsa za amai ndi malume a mtchonayo, osati za atate ake okha. Buku la S.J. Hachipola la mu 1998 lonena za zilankhulo zazing'ono za m'Zimbabwe lidatsegula njira, koma pafunika kafukufuku wa komboni ndi komboni. Yachitatu ndi kupempha mipingo, mizikiti ndi mabungwe a maliro kuti mabuku awo akopedwe asanadyedwe ndi chiswe.

Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Adzukulu a matchona ambiri kwawo ndi ku Midlands, ndipo sakufuna kusamuka. Chimene amapempha ndi kudziwa mudzi wa agogo awo ndi mfunda wa amai a agogowo, kuti akafunsidwa ku ofesi kapena pa maliro athe kuyankha. Mndandanda wa maina umene ndatchulawu ukhoza kuyambika ndi anthu ochepa ochokera ku Zomba, ku Lusaka ndi ku Gweru, ndipo ndikupempha kuti msonkhano uno usankhe anthuwo.